Dokotala wachikuda, wodziwa chilankhulo chathu: pali chosiyana?

Nachisale_Rosettenville:
Abale anzanga a kuno ku Joni, ndimamva anthu akuti odwala amathandizika bwino akakumana ndi dokotala wamtundu wawo. Mankhwala si amodzimodzi kodi? Chimasintha n'chiyani kwenikweni?

Phiri_wa_ku_Hillbrow:
Chemwali, chimayamba kusintha ndi mafunso. Tengani liwu loti malungo. Kwathu munthu akati "ndili ndi malungo" mwina akungotanthauza kutentha thupi. Kuno ku Johannesburg udzudzu wofalitsa malungo kulibe, ndiye dokotala wosazolowera amaganiza za chimfine, n'kupereka Panado. Wodziwa anthu athu amafunsa msanga kuti, "Mwabwera liti kuchokera kumudzi?" Malungo amatha kuonekera patapita masiku 7 mpaka mwezi munthu atalumidwa, ndipo akachedwa kuyezedwa amafika ku ubongo. Amene mwatsika basi ku Park Station posachedwa, nenani zimenezo musanafunsidwe. Ndipo LA amene timamudziwa kwathu, kuno mudzamumva akutchedwa Coartem.

Mai_Banda_Namwino:
Zoona achimwene, koma nkhani si chilankhulo chokha, palinso khungu. Mabuku ambiri ophunzitsira udokotala amaonetsa zidzolo pakhungu loyera, pomwe zimafiira. Pa ife zimaoneka zakuda kapena zotuwa, moti wosazolowera amazidumpha. Kuchepa kwa magazi amakuona m'zikhatho ndi kunsi kwa chikope, osati pamasaya. Kachipangizo kopana chala koyezera mpweya m'magazi nako kamanama: kafukufuku wa ku Michigan ku America wa 2020 anapeza kuti kamabisa kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Wodwala akupuma movutikira, kachipangizo n'kumati zonse zili bwino. Zimandipweteka mtima zimenezi.

Za BP nazonso. Enalapril payekha satsitsa bwino BP mwa anthu akuda ambiri, ndipo ena amawapatsa chifuwa chouma chosatha. Amlodipine amagwira bwino, makamaka akaphatikizidwa ndi mankhwala ena, monga anaonetsera kafukufuku wa CREOLE wa 2019 wochitika m'mayiko 6 a mu Africa muno. Musasiye mankhwala panokha. Bwererani mukanene za chifuwacho.

Nachisale_Rosettenville:
Zikomo mayi. Nanga bwanji madokotala a kwathu sitikuwaona m'zipatala zaboma kuno?

Phiri_wa_ku_Hillbrow:
Njira yake ndi yaitali. Wophunzira udokotala ku Blantyre, pa sukulu yomwe kale inkatchedwa College of Medicine, sangangofika n'kuyamba ntchito. Mapepala ake atsimikizidwe kaye, Unduna wa Zaumoyo wa kuno umuvomereze, kenako alembetse ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kuno ku South Africa, ndipo ambiri amalemba mayeso. Zimatha zaka.

Pakadali pano, popita ku kiliniki kapena ku chipatala cha Helen Joseph, nyamulani buku lanu la kuchipatala la kwathu ndi mabotolo a mankhwala onse, ngakhale opanda kanthu. Omwa ma ARV atenge kalata yosamutsira, kuti asayambe kuyezedwa ngati atsopano. Womasulira akhale wamkulu, osati mwana, chifukwa mayi sanganene za kumaliseche pamaso pa mwana wake, ndipo matenda amabisika pomwepo.

Mai_Banda_Namwino:
Ndiwonjezere ichi kwa oyembekezera. Mu Epulo 2023 khothi lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 athandizidwe mwaulere m'zipatala zaboma, posayang'ana dziko lomwe achokera. Yambani sikelo mimba isanakwane miyezi 3, musadikire mapepala.