Zowonjezera pa funso la makoma osaoneka pa mapu a magnetometer

Funso lija linali lakuti: bwanji pa mapu a magnetometer (makina oyeza mphamvu ya maginito m'nthaka pofufuza zinthu zokwiririka) misewu ya mizinda yakale ya Agiriki imaoneka, koma makoma a zipinda ayi? Yankho loyamba linatchula nthaka yokha, ndipo silinakwanire.

Titenge Olynthos, mzinda wakale wa ku Greece umene Philip II, mfumu ya ku Macedonia, anauwononga mu 348 BC. Nyumba zake, za mamita pafupifupi 17 mbali iliyonse, zinali za zidina pa maziko a miyala. Zidinazo zinasungunuka kalekale. Chatsala ndi maziko opyapyala, ndipo mwala wopanda maginito ambiri umangopereka kamzere kofooka. Matailosi owotcha a padenga, amene anagwera m'zipinda, ali ndi maginito amphamvu moti amakaphimba kamzereko.

Choncho, kuti kamzereko kaoneke, musatalikitse mizere yoyendamo ndi makinawo poyeza. M'bwalo la mamita 20 mbali zonse, mizere italikirane theka la mita, ndipo makina aziwerenga pa masentimita 25 alionse. Woyezayo asavale kanthu kachitsulo, ngakhale zipi.

Pamene pakukayikitsa, bwerezani ndi makina oyeza mmene magetsi amadutsira m'nthaka, koma dothi likadali lonyowa, cha mu Epulo. Mu Ogasiti nthaka ya ku Greece imauma gwa, zisonga za makinawo zolasa m'nthaka sizigwira, ndipo manambala amasokonekera.