Dokotala akuti ndili ndi ME/CFS koma akunditumiza kwa saikolojisiti, ndiye kuti ndi zammutu?

Nambewe88
Abale ndithandizeni maganizo. Ndatha chaka ndi miyezi itatu ndikudwala, zinayamba ndi chimfine chachikulu, chimfinecho chinatha koma mphamvu sizinabwerenso. Si kutopa kwa munthu amene wagwira ntchito ayi, ndikangochapa tizovala tochepa lero, mawa kapena mkuja thupi lonse kuphwanya, mutu osagwira, ngakhale ndigone maola 10 ndimadzuka ngati sindinagone. Magazi ayeza kangapo, shuga, chithokomiro, zonse akuti zili bhobho. Pano dokotala wati ndi ME/CFS, matenda a kutopa kosatha, nde akuti ndiyambe CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe) kwa saikolojisiti komanso ndiziyenda tsiku lililonse nkumawonjezera mamineti sabata ndi sabata. Ine zandiwawa chifukwa zikumveka ngati akunena kuti ndikunamizira. Ndipite kapena ndisapite?

Chiko_M
Pepani achemwali. Zimene akuuzanizo zili ndi mbiri yake, ndipo anthu akhala akukanganirana kwa zaka zambiri. Madokotala ena a zamaganizo ku UK ankati matendawa amayambadi ndi kachilombo koma chimene chimawapitiriza ndi mantha, eti munthu amaopa kuyenda, thupi nkuzolowera kugona, ndiye ukamuchotsa manthawo ndi CBT nkumuyambitsa mafizo owonjezera pang'onopang'ono, amene amawatcha GET, achira. Umboni wawo waukulu unali kafukufuku wa PACE amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2011, anthu 641, otsogolera ake Peter White, Michael Sharpe ndi Trudie Chalder. Mu 2013 analengeza kuti anthu 22 pa 100 alionse amene analandira CBT kapena GET anachira.

Nkhani inavuta apa. Pa sikelo yoyeza mmene thupi likugwirira ntchito, poyamba anati wochira ndi amene wafika 85, kenako anatsitsa kufika pa 60, chonsecho kuti ulowe mu kafukufukuyo ngati wodwala umayenera kukhala pa 65 kapena kutsika. Mwaiona? Munthu akanatha kulowa ali pa 65, nkutsika kufika 60, pa muyezo umenewo nkuwerengedwa kuti ali bwino kkkk. Wodwala wina wa ku Australia anamenyera nkhondo kuti manambala enieniwo atulutsidwe, mu 2016 khoti linalamula Queen Mary University of London kuwapereka, ena atawerengetsanso potsata malamulo oyamba aja anapeza ochira 7 pa 100 ku CBT, 4 ku GET, ndi 3 kwa amene sanalandire ziwirizi. Kusiyana kwake kuli pati pamenepo.

Mphatso_T
A Chiko mwafotokoza bwino koma musawaopseze mayiwa mpaka athawe uphungu. Ine ntchito yanga ndi yopereka uphungu, ndipo CBT timachita ndi odwala khansa, a shuga, a nyamakazi, palibe amene amati khansa ndi zammutu. Munthu amene moyo wake wasintha mwadzidzidzi, ntchito yaima, anzake akumuona ngati waulesi, amafunika wolankhula naye. Komanso kunena chilungamo a PACE aja mpaka pano amaikira kumbuyo zotsatira zawo, The Lancet sinachotse pepalalo, ndipo alipo odwala amene amati zinawathandiza. Sizoti onse ochirikiza CBT ndi anthu oipa mtima.

Chiko_M
Sindikukana akulu, koma pali ma CBT awiri amene anthu amawasakaniza dala. Ina ndi imene mukunenayo, yothandiza munthu kupirira matenda amene alipodi. Inayo ndi yomuuza kuti zimene thupi lako likukuuza usazikhulupirire, ndi maganizo olakwika chabe. Ya PACE inali yachiwiriyi. Nde taganizani, mwatha miyezi mukumuphunzitsa munthu kuti asamadzione ngati wodwala, pamapeto nkumupatsa pepala kuti alembe ngati akumva bwino, mukuganiza alemba chani? Pa zinthu zoyezeka monga kubwerera kuntchito panalibe kusintha kooneka. Za amene anathandizidwawo, posankha odwala PACE inkagwiritsa ntchito malamulo a Oxford a 1991 amene amangofuna kutopa kwa miyezi 6 kopanda chifukwa china, choncho munalowa anthu osiyanasiyana, ena mwina vuto lawo linali lina.

Ndipo si odwala okha akudandaula. CDC, bungwe la boma loona za matenda ku America, inachotsa CBT ndi GET pa malangizo ake mu 2017. NICE, bungwe lolemba malangizo a zachipatala ku England, inasintha malangizo mu October 2021, inati GET isamaperekedwe, ndipo CBT si mankhwala ochiza ME/CFS koma ingathandize munthu kukhala nawo matendawo. Zinali zokokanakokana moti anaimitsa kaye kuwatulutsa mu August chaka chomwecho chifukwa mabungwe ena a madokotala sanagwirizane nazo. WHO nayo inaika ME m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira 1969.

mai_a_Tadala
Mwana wanga Nambewe, ine ndakhala nawo zaka 7, za makafukufuku ndiwasiyira anyamatawa, ndikuuze zimene ndinaona. Nanenso anandipatsa ndondomeko yoyenda, mamineti 5, kenako 7, kenako 10, ndipo anati ukamva kuwawa usasiye ndi thupi likuzolowera. Ndinamvera, paja munthu ukadwala umagwira chilichonse. Sabata yachinayi ndinagwa, miyezi iwiri ndili pabedi, kusamba kochita kundigwirira, kuwala kwa windo kokha kumandipweteka mmaso. Zimene ukunena zoti ukachapa lero umadwala mkuja dzina lake ndi PEM, ndiye chizindikiro chachikulu cha matendawa, chimabwera mochedwa nchifukwa chake anthu satikhulupirira, amationa tsiku limene tili bwino basi.

Chimene chandisunga ine ndi pacing, kutanthauza kuchita zinthu mosapyola malire a mphamvu zako. Ndimalemba mu kabuku zimene ndachita ndi mmene ndadzukira masiku awiri otsatira, ndinadziwa malire anga, ndimasiya ntchito ndisanatope osati nditatopa. Kuchapa ndimachapa nditakhala pansi, theka lero theka tsiku lina. Sindinachire ayi koma sindikugwanso ngati kale. Kwa wauphungu ndinapitako ndithu, woyamba ndinamusiya atandifunsa kuti kodi kudwalaku kukundipindulira chani, wachiwiri anandithandiza kwambiri pa nkhani yodziimba mlandu komanso mmene ndingawauzire apabanja kuti lero sindingathe.

Nambewe88
Zikomo nonse, mayi mwandilizatu, zoti amationa tsiku labwino lokha ndi zoona zenizeni. Ndiye mwina ndipite koma zowonjezera mamineti zija ndikane? Ndikuopa dokotala anganene kuti ndine wamakani.

Mphatso_T
Pitani, koma tsiku loyamba mufunseni saikolojisitiyo mafunso awiri, kodi PEM amaidziwa, ndipo cholinga chake nkukuchizani kapena kukuthandizani kukhala ndi matendawa. Akati muchira mukasintha maganizo, nanenso ndikuti musabwerereko. Kwa dokotala tengani malangizo a NICE aja, nambala yake ndi NG206, ali pa intaneti aulere, mumusonyeze gawo la GET. Kabuku ka mai a Tadala kaja yambani lero kuti mukapite nako.