Pampu ndi paipi yotani yotumizira madzi oyeza pa mtunda wa mamita 300?

WaMipope_Mufakose:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Ndimagwira ntchito pamalo ena oyeretsera madzi kunja kwa Harare, ndipo tikufuna kuti madzi osayeretsedwa azichoka pomwe timapopera m'damu n'kukafika pa makina oyeza turbidity (kuda kwa madzi chifukwa cha matope) ndi pH (muyezo wa asidi m'madzi), omwe ali pa mtunda wa mamita 300 komanso pokwera ndi mamita 6. Tikufuna kuti azifika pasanathe mphindi 5, kuti akasintha chifukwa cha mvula tizidziwa msanga n'kusintha muyezo wa mankhwala. Anzanga akuti tiike paipi ya mamilimita 50 yomwe tili nayo kale, poti paipi yaikulu sitsekeka. Kodi akunena zoona, nanga pampu yake ikhale yotani?

Mkulu_wa_Mapampu:
Achimwene, paipi ya 50 isiyeni, chifukwa pa ntchito iyi chofunika ndi liwiro la madzi, ndipo paipi yaikulu imapha liwirolo. Kuti madzi ayende mamita 300 m'mphindi 5, ayenera kuthamanga mita imodzi pa sekondi. Mu paipi yomwe m'kati mwake ndi mamilimita 20, liwiro limeneli limafuna malita pafupifupi 19 pa mphindi. Malita omwewo mukawalowetsa mu paipi ya 50 m'kati, yomwe imasunga malita pafupifupi 590 pa mtunda umenewo, madzi adzatenga theka la ola, ndipo matope adzakhala akudikha m'njira, moti makina anu adzakuuzani kuti madzi ndi oyera pamene m'damu muli chithaphwi.

Ine ndingasankhe paipi ya pulasitiki ya HDPE ya 25, poti nambala imeneyo ndi ya kunja, m'kati mumatsala pafupifupi 20. Kukhulana kwa madzi ndi paipiyo kudzadya head (mphamvu yokankhira madzi, yoyezedwa m'mamita) ya mamita pafupifupi 20. Onjezanipo mamita 6 okwerawo, ma elbow (zokhotetsera paipi), mavalavu ndi pulesha yomwe makina oyezawo amafuna, ndiye mufunefune pampu yopereka malita 20 pa mphindi pa head ya mamita 30 mpaka 35. Musaone mphamvu ya mota yokha, onani curve ya pampuyo, chithunzi chosonyeza malita omwe imapereka pa head iliyonse. Musakopekenso ndi liwiro lopyola muyezo, chifukwa mukaliwirikiza kawiri, head yotayika imakwera kupitirira katatu.

Mayi_wa_ku_Labu:
Ndikugwirizana ndi bambo ayankhawa, koma ndiwonjezere za madziwo. Makina oyeza amamwa madzi ochepa kwambiri, choncho musachepetse madzi a mu paipi yonse kuti afanane ndi makinawo. Madzi azithamanga nthawi zonse, makina azitapako pang'ono kudzera pa kapaipi kafupi, otsalawo azibwerera koyeretsera. Ngati madzi anu akufanana ndi a ku damu la Chivero kapena la Manyame, komwe ndere ndi namasupuni sizisowa, paipi ikhale yakuda ndipo muikwirire, chifukwa kuwala kumameretsa ndere ndipo dzuwa limatenthetsa madzi n'kusokoneza zotsatira. Polowera muikepo sefa ya mabowo aakulu yotchinga zinyalala zokha, poti sefa ya mabowo aang'ono imachotsa matope omwe mukufuna kuyezawo.

WaMipope_Mufakose:
Zikomo kwambiri, bambo ndi mayi. Nanga pampuyo tingaiike m'nyumba yoyezera kuti izikoka madzi, popeza ndi komwe kuli magetsi komanso chitetezo?

Mkulu_wa_Mapampu:
Ayi achimwene, pampu iikeni kumadzi kuti izikankha. Pampu yokoka imadalira mphamvu ya mpweya kukweza madzi. Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo kuno mpweya ungakweze madzi mamita osapitirira 9, pamene ku Beira, m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, ungakweze opitirira pang'ono 10. Inu mukufunika oposa 26 (20 a kukhulana ndi 6 okwera aja), ndiye pampu yokoka sidzafikitsa madzi ngakhale itakhala yatsopano. Kokerani chingwe cha magetsi kumadziko ndipo mumange kanyumba kokhoma. Ngati n'kotheka pampuyo ikhale pansi pa mlingo wa madzi kuti isamayamwe mpweya, chifukwa thovu limanamiza makina a turbidity. Muikenso polumikizira madzi oyera otsukira paipi, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso, dikirani mphindi 15, madzi asinthike katatu mu paipimo, musanakhulupirire nambala za makinawo.