Kodi chuku chingaphedi nkhupakupa pa ng'ombe?

Woweta ng'ombe za mkaka:
Abale, ndithandizeni. Ng'ombe zanga ndimazipopera mankhwala a amitraz, koma nkhupakupa sizikufanso. Dzulo ndazipeza zitatupa ndi magazi m'makutu mwa thole, zina kunsi kwa mchira. Ndamva kuti pali chuku chomwe chimazipha. N'zoona?

Mlangizi wopuma:
N'zoona bambo. Mitundu yodziwika ndi Metarhizium anisopliae ndi Beauveria bassiana, ndipo imapezeka m'nthaka. Timbewu take tikamatirira pakhungu la nkhupakupa timamera, n'kuliboola, n'kumakulira m'kati mpaka kachilomboko kufa. Zazikazi zomwe zapulumuka zimaikira mazira ochepa. Koma musayembekezere kuziona zikuthothoka mawa lomwe, zimatenga masiku angapo.

Mayi woweta:
Ndiwonjezereko: timbewuti timafa ndi dzuwa loswa mtengo, timakonda chinyezi. Ine ndimapopera chukuchi madzulo ng'ombe zikalowa m'khola, ndipo chosakaniza ndi mafuta chimagwira bwino paubweya.

Woweta ng'ombe za mkaka:
Ndiye ndisiyiretu mankhwala?

Mlangizi wopuma:
Ayi, musatero msanga. Tholelo lithandizeni lero ndi mankhwala a gulu lina, mufunse dokotala wa ziweto, chifukwa nkhupakupa zimafalitsa matenda. Chukucho chizibwera pambali.