Ndikufuna kuyamba bizinesi yothandiza ovutika pa ulendo wa ku Joni, ndigaireni nzeru

Membala wosatchula dzina

Moni nonse. A admin, chonde ndilolereni funsoli.

Ndine mayi wa geni, ndimakaoda katundu ku Johannesburg kudzagulitsa ku Limbe. Oyenda msewuwu mukuudziwa: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina mpaka Park Station. Masiku awiri tili m'basi, ndipo foni za ambirife zimasiya kugwira tikangolowa Mozambique. Vuto likakugwera pakati apa umasowa mtengo wogwira.

Ulendo wina mtsikana amene ndinakhala naye mpando umodzi anakomoka tili pamzere wodinditsa mapasipoti. Nambala za abale ake zinali m'foni yokhoma ndi pini. Palibe ankadziwa ngati amadwala shuga, BP kapena ndi woyembekezera. Kondakitala anali ndi basi yodzaza yoti aiwolotse, ndiye ambulansi itamunyamula ifenso tinanyamuka, chikwama chake chili pansi pa mpando. Zimandiwawabe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Munthu asanakwere azilembetsa kwa ife, kutisiyira kope la pasipoti, nambala za abale awiri ndi mankhwala amene amamwa. Azilipira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, ife tizimupatsa kakhadi koika m'pasipoti kokhala ndi nambala ya WhatsApp yoyankhidwa usana ndi usiku. Ndikufuna ndikhale ndi munthu ku Tete wodziwa Chipwitikizi, wina ku Harare, wina ku Musina, wina ku Joni. Wodwala tizimuthamangira kuchipatala ndi kudziwitsa abale, woberedwa pasipoti tizimuperekeza kupolisi ndi ku ofesi ya kazembe kukatenga chikalata chobwererera kumudzi.

Kodi pamalamulo bizinesi yotere imalembetsedwa bwanji? Nanga bilu ya kuchipatala ndi za maliro ndiziikemo? Odziwa ndithandizeni, ndalama ndasunga movutikira.

Wogwira ntchito za inshuwalansi, Blantyre

Achemwali, samalani ndi lonjezo limene mulembe pakhadipo. Mukalandira ndalama lero n'kunena kuti ukadzadwala tidzakulipirira, imeneyo ndi inshuwalansi, ndipo imafuna laisensi yochokera kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Setifiketi yolembetsera bizinesi ndi TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA sizikwanira. Gulitsani ntchito ya manja ndi miyendo yokha: kuimba foni, kuperekeza, kumasulira, kusunga katundu. Bilu azilipira mwini kapena abale ake. Ngati mukufunitsitsa zolipirira chipatala, kambiranani ndi kampani ya inshuwalansi yokhala kale ndi laisensi kuti mukhale ejenti wawo.

Bambo wina, Lilongwe

Ine nkhawa yanga ili pa ndalama. Mudzatolera makwacha, koma wa ku Musina adzafuna marandi, wa ku Harare madola. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atalonjeza zinthu za kunja pamitengo yakale analira. Foreksi nayo kubanki ndi yosowa. Bwanji kasitomala wanu asakhale wokwera basiyo, koma mbale wake amene akumudikira ku Joni? Nthawi zambiri ndi yemweyo amene watumiza ya tikiti pa Mukuru, ndi amene sagona tulo basi ikachedwa, ndipo ali ndi marandi m'thumba. Kungoti mudzafunika kulembetsanso bizinesiyo ku South Africa.

Mkulu wa bungwe la maliro, Johannesburg

Amayi, za maliro zisiyeni kaye. Ndakhala ndikutumiza matupi kumudzi, ndikudziwa kulemera kwake. Pamafunika setifiketi ya imfa, chikalata choti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, china choti malemu sanafe ndi matenda opatsirana, chilolezo chotulutsira thupi m'dziko, kalata ya ku ofesi ya kazembe ndi bokosi lomatidwa bwino. Chikasowa chimodzi, galimoto imaima pa boda abale akudikira pa siwa. Maliro amodzi akhoza kudya zonse zimene mwatolera. Ndiye ganizirani ngozi ngati ija ya mu Okutobala 2025 pa msewu wa N1 pafupi ndi Louis Trichardt, pamene basi yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi Malawi inagwera kuphedi n'kupha anthu oposa 40. Chimene chimasautsa pa nthawi zotere ndi kuzindikira kuti uyu ndani, kwawo n'kuti, tiuze yani. Kaundula wanuyo ndiye wofunika. Ife a mabungwe tingagwire nanu ntchito pamenepo.

Mnyamata wina, Mangochi

Tinene zoona amayi. Amalawi timapatsidwa masiku 30 polowa South Africa, ndipo ambiri oimba foni yanuyo adzakhala oti masiku anawathera kapena alibiretu pasipoti. Adzafuna muwaombole asanawatengere ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasunga anthu oti abwezedwe kwawo. Mukadzakana adzakunyozani pagulu pompano kuti munawadyera ndalama. Mukadzavomera mwalowa m'gulu la ozembetsa anthu. Mudzatani?

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse, ndawerenga mofatsa. Achimwene a ku Mangochi, wopanda pasipoti sindimulembetsa, ndipo pakhadi ndilemba m'Chichewa chomveka kuti sitiwolotsa munthu pa boda komanso sitipereka ziphuphu. Koma womangidwa ndidzauza abale ake kumene ali, chifukwa pali makolo amene amatha miyezi osadziwa ngati mwana wawo ali moyo. Za bilu ndi maliro ndazichotsa. Akulu a bungwe, ndikulemberani ku inbox.

Zoti azilipira wa ku Joni zandigwira mtima, koma azimayi anzanga a geni ambiri alibe wowadikira kumeneko, amangofikira kugona pa depoti. Amenewo ndiwalipiritse pa ulendo uliwonse kapena pamwezi? Komanso amene muli ku Tete, munthu wokhulupirika woti angadzuke 2 koloko usiku kupita kuchipatala chifukwa cha mlendo, ndingamupeze kudzera kumpingo kapena kwa amalonda anzathu?