Admin bisani dzina: abambo a kunyumba akutsokomola, thupi lonse likuphwanya

Admin ndibisireni dzina chonde. Ndili ku Santhe. Abambo a kunyumba anayamba kutsokomola Loweruka, chifuwa chake chouma chopanda makhololo. Pano akudandaula kuti thupi lonse likuphwanya, msana, m'maondo, paliponse. Usiku akumazizidwa mpaka kufunda mabulangete awiri, kukacha amapezako bwino n'kubwerera kukasankha fodya. Apongozi akuti ndi fumbi la fodya chabe. M'nyumba muli LA (wa malungo uja) wotsala wa mwana ndi Bactrim. Ndiwapatse chiti? Kuchipatala akukana, akuti mabelo awatsalira.

Mayi wa ku Chamama: Pepani mayi. Nyengo yozizira ino chimfine chavuta, kwathu chagwira nyumba yonse. Wiritsani madzi, finyirani ndimu, ikanimo jinja wosinja ndi uchi, azimwa akadali ofunda. Uchiwo umafewetsa pakhosi. Koma osapatsa khanda losakwana chaka.

Bambo wa ku Chulu: Apatseni Bactrim uja awiri m'mawa awiri madzulo, mawa adzuka.

Namwino wa ku Kasungu boma: Bambo a ku Chulu, ayi ndithu. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, Bactrim kapena amoxicillin sachita kanthu pamenepo. Tikamamwa mwachisawawa, tsiku lodzadwala chibayo chenicheni mankhwalawo adzakhala atasiya kugwira ntchito. Mayi, chimene chandigwira mtima ine ndi kuzizidwa kwa usikuko. Fumbi la fodya limatsokomoletsa inde, koma nthawi zambiri silinjenjemeretsa munthu. Akayezetse malungo lero lomwe. N'kubaya pachala basi, pakatha mphindi 20 zotsatira zatuluka, ndipo kuchipatala cha boma n'kwaulere. LA wa mwanayo musawapatse. Wamkulu amamwa mapiritsi 4 m'mawa, 4 madzulo kwa masiku atatu, onse pamodzi 24. Wotsalayo angoziziritsa matenda osawachotsa. Komanso LA satsala mayi, ndiye kuti mwanayo sanamalize mankhwala ake.

Wofunsa: Zikomo anesi. Mwanayo atangoyamba kusewera ndinamuleketsa. Nanga akapezeka alibe malungo?

Namwino wa ku Kasungu boma: Ndiye kuti mwina n'chimfine champhamvu chija, kapena Covid, poti zizindikiro zake zimafanana. Zimenezo nthawi zambiri zimatha zokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, ngakhale kachifuwa kamachedwerapo. Apume, amwe madzi ambiri, phala, thobwa. Pa kuphwanyako Panado awiri a 500mg, adikire maola 6 asanamwenso, osapitirira kanayi pa tsiku. Mankhwala ambiri a chimfine a m'magolosale ali kale ndi paracetamol, amene ndi Panado yemweyo, ndiye musaphatikize. Koma akayamba kubanika, kumva kubaya m'nthiti akamapuma, kulavula magazi kapena kubwebweta, musadikire kuti kuche, pezani kabaza. Chingakhale chibayo.

Mnyamata wa ku Nkhamenya: Afukizeni masamba a bulugama, mphuno zimatseguka bwinobwino.

Mayi wa ku Chamama: Kufukizako kuli bwino koma poto akhale pansi, ana atalikire. Wa aneba anapsa mwendo wonse ndi madzi otere.

Agogo a ku Mtunthama: Mwana wanga, uwerenge masiku. Chifuwa chikafika masabata awiri, munthu akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa pogona, lamba akulowa bowo lina, kudya kosafuna, apereke makhololo ayezedwe TB. Mchimwene wanga ankanamizira fodya yemweyu mpaka anatha thupi. Atayamba mankhwala a miyezi 6 aja anachira, ndipo sanalipire kalikonse. Posankha fodyapo azimanga kansalu kumphuno, kusuta aleke kaye.

Bambo wa ku Chulu: Ine Bactrim amandithandiza, koma chabwino, anesi anena.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndawawerengera zonsezi, avomera kupita mawa m'mamawa koma akuti ndikhale ndikuwasankhira fodya. Anesi, Panado angamwe usiku uno asanakayezetse?

Namwino wa ku Kasungu boma: Angamwe, sasokoneza zotsatira. Mukawauze adokotala nthawi imene amwa, ndipo mwanayo mumutengenso.