Posinthira chilankhulo pakuvuta ndi NVDA

dev_wa_Katoto: Abale thandizeni. Webusaiti ya bungwe lina konkuno ili mu Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Posinthira chilankhulo ndinaika select (kabokosi kosankhirapo) ya onchange, imene imasintha tsamba munthu akangosankha. Mayi wina wosaona wa kuofesi kwawoko wayesa ndi NVDA, pulogalamu yowerengera osaona mokweza zolembedwa pa kompyuta, akuti akangodina muvi wotsikira pansi tsamba lasintha kale, pa Chitumbuka sakufikapo n'komwe. Ntchito akuifuna Lachisanu.

wa_Luwinga: Onchange imeneyo ichotseni achimwene, ndime 3.2.2 ya WCAG (malangizo oti webusaiti ifikirike ndi aulumali) imaletsa tsamba kusintha lokha munthu asanachenjezedwe. Zilankhulo zitatu zokha select ya chiyani? Ikani malinki wamba mkati mwa nav (gawo la malinki oyendera pa webusaiti), linki iliyonse ikhale ndi lang ndi hreflang yake (zizindikiro zonena chilankhulo), imene munthu alipoyo muipatse aria-current (chizindikiro choti ndi imene alipo panopa). Dzina la chilankhulo lilembedwe m'chilankhulo chomwecho, English osati Chingerezi.

mkulu_Chibavi: Ingoikani timbendera. Anthu amazindikira msanga.

wa_Luwinga: Akulu, mbendera ya Chitumbuka ndi iti? Ya Malawi mupatsa Chichewa kapena Chitumbuka? Nanga aku Chipata ndi aku Tete olankhula Chinyanja?

nya_Zolozolo: Chenjerani ndi makodi. Ine ndinalandirako ntchito imene wina anasiyira panjira, masamba onse analemba lang="ch" poganiza kuti ndi Chichewa. Imeneyo ndi kodi ya Chamorro cha ku Guam! Chichewa ndi ny. Chitumbuka chilibe ya zilembo ziwiri, ndi tum, musapeke yanu. Ndinachita kusaka tsamba ndi tsamba chifukwa ena anailemba pamanja m'matempuleti, ndalama yake osaoneka mpaka lero.

mkulu_Chibavi: Mbendera ndi alt yake (mawu ofotokoza chithunzi) basi. Ndinayamba kalekale ntchitoyi, palibe kasitomala anadandaulapo.

nya_Zolozolo: Wosaona amene walephera kulowa akadandaula kwa ndani akulu? Amangotseka n'kuchoka. Komanso achimwene a ku Katoto, musaiwale lang ya pa html penipeni, nayo izisintha tsamba likasintha. Ndipo linki ya Chitumbuka izipita pa tsamba lomwelo la Chitumbuka, osamubweza munthu koyambirira kuti ayambirenso kufufuza, data ndi yodula.

wa_Luwinga: Muyesenso ndi TalkBack, yowerengera osaona pa foni za Android, ambiri kuno kompyuta alibe. Musabisenso posinthirapo mkati mwa hamburger (kabatani ka timizere titatu kotsegulira menyu).

mkulu_Chibavi: Pa foni mpamene mbendera zimasunga malo.

nya_Zolozolo: Kodi Chitumbukacho anakumasulirani ndani? Ndikufuna munthu wodalirika, amene ndinali naye anasamukira ku Karonga.